Ana a Fomu 4 akuwerenga usiku wonse, koma ndani akuwaphunzitsa kulemba mothamangitsana ndi wotchi?

Mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto, nyali za m'mahositelo a sukulu za sekondale zimachedwa kuzima. Anyamata ndi atsikana a Fomu 4 amakhala atadzikulunga m'zitenje ndi m'mabulangete, kope lili pamiyendo, milomo ikugwedera poloweza. Ena amaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisawabe. Ku sukulu zoyendera nkhani yake ndi yolemererapo: mwana wayenda mtunda wautali wapansi, wafika n'kutunga madzi, waphika, watsuka mbale, ndiye ayatse kanyali ka sola kapena tochi ya foni ya amayi ake kuti awerenge mpaka batire litatha.

Ndayamba ndi izi dala, chifukwa zotsatira za mayeso zikatuluka timafulumira kunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi. Ambiri mwa iwo si aulesi ngakhale pang'ono. Vuto lili pa mtundu wa khama lomwe akuchita. Amathera miyezi akulowetsa zinthu m'mutu, pamene tsiku la mayeso adzafunsidwa kuchita ntchito ina: kutulutsa zinthuzo ndi dzanja, mwadongosolo, m'Chingerezi chomveka, nthawi ili yowerengeka, mtima ukugunda, woyang'anira mayeso akuyendayenda pakati pa madesiki. Ntchito imeneyi ambiri saiyeserera mokwanira asanafike pa mayeso a moko ndi pa mayeso enieniwo.

Kuti timvetse chifukwa chake mtima umagunda chonchi, tikumbuke zomwe zili pa mapepala amenewa. Mayeso a MSCE amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Wopeza 1 kapena 2 wakhoza mwapamwamba zedi, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa, pamene 9 walephera. Mapointi amene makolo amafunsana pachitsime ndi kutchalitchi amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino kwambiri, n'chifukwa chake mapointi 6 ndiye mapeto a kukhoza. Wofuna kupikisana nawo pa malo a ku mayunivesite a UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena Mzuni amayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi n'komwe, ngakhale masamu ndi sayansi atazimwa ngati madzi. Zaka zinayi za fizi, mbuzi zomwe zinagulitsidwa, chimanga chomwe chinachoka m'nkhokwe nthawi isanakwane, zonsezi mwana amalowa nazo m'chipinda cha mayeso. Chimangirizo cha Chingerezi cha mawu 350 mpaka 500 chimalembedwa ndi dzanja lomwe lasenza katundu yenseyu.

Kuwerenga kumanyenga

Munthu akawerenga notsi zomwezo kachitatu kapena kachinayi, maso amazizolowera. Tsamba likatsegulidwa, mtima umati izi ndikuzidziwa. Koma kuzindikira chinthu chili patsogolo pako ndi ntchito yopepuka kwambiri poyerekeza ndi kuchikumbuka kope litatsekedwa. Mu 2006, akatswiri awiri a ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira nkhani zazifupi kuti awerenge. Gulu lina linabwereza kuwerenga, gulu lina linalandidwa nkhaniyo n'kuuzidwa kuti lilembe zonse zomwe likukumbuka. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja ndiwo anachita bwino. Atayesedwa patapita sabata imodzi, zinthu zinatembenuka: amene anadzivutitsa kukumbuka ndi kulemba anaposa anzawo. Chondikhudza kwambiri pa kafukufuku ameneyu n'chakuti obwereza kuwerenga aja ndi amene anali ndi chikhulupiriro chachikulu choti adzakumbuka.

Ndiye mtsikana amene waviika mapazi m'madzi usiku akhoza kugona ali wokhutira kuti wamaliza mutu wonse wa Histole, osadziwa kuti chomwe wapeza ndi chizolowezi cha maso basi. Akanapindula kwambiri akanawerenga theka la ola, n'kutseka kope, n'kutenga pepala lopanda kanthu, n'kulemba zomwe zatsala m'mutu. Ntchitoyi imawawa chifukwa imaonetsa mipata. Koma ndi bwino mipatayo ionekere mu Epulo uli pabedi pako kusiyana n'kuti ionekere mu Julayi woyang'anira ali chilili pambali pako.

Mphindi zisanu zoyamba

Tiyeni tilowe m'chipindamo ndi funso limodzi la Histole, loti wophunzira afotokoze zifukwa zomwe zinachititsa John Chilembwe kuukira atsamunda mu 1915.

Mnyamata wa padesiki yoyamba akangoona dzina la Chilembwe, nkhope yawala. Wawerenga zambiri za munthu ameneyu, ndiye cholembera chayamba kuthamanga nthawi yomweyo. Akulemba momwe Chilembwe anakumanirana ndi Joseph Booth mu 1892, momwe anapitira naye ku America mu 1897, maphunziro ake ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, kubwerera kwake mu 1900 ndi kukhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Zonsezi n'zoona, palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Tsamba ladzaza, mphindi 15 zapita, koma funso silinayankhidwe. Pomwe akufika pa thangata n'kuti akuyang'ana wotchi mwamantha, ndipo zifukwa zenizenizo akuziunjika m'mizere itatu yomaliza.

Mtsikana wa kumbuyo kwake sanayambe kulemba msanga. Wawerenga funsolo kawiri, wadula mzere kunsi kwa mawu ofuna zifukwa. Kenako pambali walemba timawu tochepa totsikira pansi: thangata, Magomero ndi Livingstone, matchalitchi, msonkho ndi njala, nkhondo ya 1914. Waika manambala kusonyeza choyamba ndi chotsatira. Akayamba, ndime iliyonse ikutsegulidwa ndi chifukwa chimodzi, kenako umboni, kenako kulumikiza ndi funso. Akunena za ntchito yokakamiza ya thangata pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, ndi nkhanza za woyang'anira mindayo William Jervis Livingstone. Akunena za nyumba zopempherera za anthu a Chilembwe zomwe zinaotchedwa pa mindayo. Akunena za msonkho wa nyumba umene unkalemera anthu omwe anali atangodutsa m'njala. Akumaliza ndi anthu akuda amene ankatengedwa kukamenya nkhondo ya azungu, ena n'kufera ku Karonga mu Seputembala 1914, zomwe Chilembwe anadandaula m'kalata yomwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times. N'kutheka kuti mtsikanayu amadziwa zochepa za Chilembwe poyerekeza ndi mnyamata uja. Koma wochonga ali ndi ndondomeko ya mayankho patsogolo pake, akufunafuna mfundo, ndipo papepala la mtsikanayu akuzipeza pamutu pa ndime iliyonse popanda kukumba.

Matenda omwewa amapezeka pa mabuku a Chingerezi ndi a Chichewa. Funso likufuna khalidwe la Kino m'buku la The Pearl ndi umboni wake, mwana n'kuyamba kusimba nkhani yonse kuchokera pomwe chinkhanira chinaluma khanda. Pa buku la Nthondo ndi chimodzimodzi. Kusimba nkhani n'kokoma ndipo kumadzaza masamba, koma malikisi ali pa mfundo yotsatiridwa ndi chochitika chimodzi chochitira umboni.

Ana ambiri amaopa mphindi zisanu zokonza mfundozi. Akamva zolembera za anzawo zikukwekwesa mapepala, amaona ngati atsalira. Mantha amenewa sachoka ndi malangizo a pakamwa. Amachoka mwana akayesa yekha kangapo, wotchi ili patebulo, n'kuona ndi maso ake kuti nkhani yokonzedwa imatha msanga kuposa yongoyamba chiyambeyambe, chifukwa dzanja siliima pakati kudikira mutu.

Masamu a nthawi

Waganyu akapatsidwa ndime saimirira pamzere umodzi n'kumausalaza mpaka dzuwa litafika paliwombo. Amayang'ana kukula kwa ndime yonse, amayang'ana dzuwa, n'kudziwa mizere yoyenera kukhala itatha pofika nthawi yakuti. Pepala la mayeso limafuna nzeru yomweyo, ndipo chiwerengero chake chimalembedwa poyera: malikisi a funso lililonse ali pambali pake, nthawi yonse ili pachikuto.

Tiyerekeze kuti pepala lili ndi maola awiri ndi malikisi 100. Ndi mphindi 120. Mukachotsa mphindi 10 zowerenga mafunso ndi 10 zobwereza pomaliza, zatsala 100, kutanthauza mphindi imodzi pa likisi limodzi. Funso la malikisi 20 ndi la mphindi 20, kaya mumalikonda chotani. Masamu amenewa ayenera kuchitikira kunyumba pogwiritsa ntchito mapepala a zaka zam'mbuyo, kuti polowa m'chipinda mwana akhale akudziwa kale kuti gawo loyamba liyenera kutha wotchi ikamati chakuti.

Chimene chimapweteketsa ana anzeru ndi funso lomwe akulidziwa bwino. Amakakamira pamenepo, kuwonjezera ndime pa ndime, funso lachitatu n'kulisiya losakhudza. Tiyerekezenso kuti pali mafunso atatu a malikisi 20 lililonse. Wolemba awiri mokongola n'kupeza 16 pa lililonse ali ndi 32. Wolemba onse atatu mwapakatikati n'kupeza 12 pa lililonse ali ndi 36. Malikisi oyamba a funso lililonse ndi otchipa, amabwera ndi mfundo ziwiri zitatu zomveka. Omaliza ndi okwera mtengo, amadya nthawi yambiri. Choncho nthawi ya funso ikakwana, siyani mizere ingapo yopanda kanthu, pitani pa lotsatira, mudzabwerera ngati mphindi zitsale. Ndipo nthawi ikakutherani funso lomaliza lili pakati, lembani mfundo zotsalazo m'ziganizo zazifupi zomveka. Wochonga amachonga zomwe zili papepala, za m'mutu mwanu sazidziwa.

Pali chinanso chimene sitikamba kawirikawiri: dzanja lenilenilo. Zaka zino mayesowa akumagwa m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Amene analemberapo mayeso ku Dedza, ku Mzimba kapena ku Mulanje m'mawa wa chiperoni amadziwa momwe zala zimaumira. Dzanja lomwe lazolowera kukopera notsi pang'onopang'ono kuchokera pabolodi limayamba kuwawa likalemba mosalekeza kwa ola limodzi, zilembo n'kuyamba kugona. Mwana aliyense ayenera kudziwa kuti amalemba mawu angati pamzere umodzi ndiponso mizere ingati pa mphindi khumi. Akadziwa zimenezi, safunikanso kutaya nthawi kuwerenga mawu amodziamodzi pa chimangirizo, amangodziwa kuti akafika chapakati pa tsamba lachiwiri wakwanitsa. Cholembera chodzalembera mayeso chikhale cha mtundu womwe wakhala akuyeserera, ndipo atenge ziwiri kapena zitatu.

Nanga chiyankhulo? Mwana wa ku Ntcheu amaganiza m'Chichewa, wa ku Rumphi m'Chitumbuka, wa ku Mangochi m'Chiyao, wa ku Nsanje m'Chisena, koma pafupifupi mapepala onse amawalemba m'Chingerezi. Kutembenuza kumeneku kumadya mphindi, ndipo mantha akabwera Chingerezi ndicho chimayamba kuthawa. Ena pofuna kudziteteza amaloweza ziganizo zikuluzikulu za mawu ovuta kuti adzayambire chimangirizo chilichonse, kaya mutu ndi wa maliro kaya ndi wa mpira. Ochonga aziona kambirimbiri ziganizo zoterezi, ndipo zimaonekeratu kuti n'zobwereka chifukwa ndime yachiwiri imatsika mwadzidzidzi. Chiganizo chachifupi cholondola chimaposa chachitali chosokonekera. Chimodzimodzinso pa chimangirizo cha Chichewa, pomwe ana ena amathira miyambi isanu m'ndime imodzi poganiza kuti ndiko kudziwa chiyankhulo. Mwambi umodzi wogwa pamalo pake ndi wokwana. Ndipo kalata kapena lipoti lili ndi kalembedwe kake kokhazikika, komwe kamapatsa malikisi munthu asanalembe mfundo ngakhale imodzi. Kutaya malikisi amenewo chifukwa chosayeserera kumandimvetsa chisoni kwambiri.

Mutu ukati zii

Pafupifupi aliyense amene analembapo mayeso akulu amaidziwa nthawi ija pomwe pepala latembenuzidwa, maso akuona zilembo, koma m'mutu mulibe kanthu. Si ufiti, ndipo sikuti zomwe unawerenga zafufutika. Munthu poganiza amagwiritsa ntchito kachigawo kochepa ka ubongo kosunga zinthu zingapo panthawi imodzi. Nkhawa ikalowa, imatenga malo omwewo. M'malo moti mukhale funso ndi mfundo zake, mwadzaza nkhope ya abambo, ngongole ya fizi ndi zomwe anthu adzanene kumudzi.

Mu 2011, Gerardo Ramirez ndi Sian Beilock a ku University of Chicago anafalitsa m'magazini ya Science zomwe anapeza atapempha ophunzira kuti alembe nkhawa zawo papepala kwa mphindi 10 mayeso asanayambe. Ophunzira amene amakhala ndi mantha aakulu pa mayeso anachita bwinopo atatero. Njirayi ndi yaulere ndipo mwana akhoza kuiyesa pa moko n'kuona ngati ikumuthandiza. Chenjezo ndi limodzi: alembere kunyumba kapena kuhositelo ndipo pepalalo alisiye komweko, chifukwa kapepala kalikonse kopezeka m'thumba m'chipinda cha mayeso kamatengedwa ngati likasa.

Zikachitika uli kale padesiki, ika cholembera pansi, puma mozama kangapo, n'kufunafuna funso lomwe ukuliona lopepuka ndi kuyamba nalo. Ukalemba mfundo imodzi, inzake imabwera. Apa ndi pomwe kuyeserera kumalipira kwambiri. Mwana amene wakhalapo kambiri pamaso pa pepala ndi wotchi amadziwa kuti kuuma mutu kumabwera n'kupita, ndiye sanjenjemera nako. Komanso usiku woti mawa mayeso, agone. Ubongo umakhazikitsa zomwe waphunzira munthu ali m'tulo, ndipo wochezera amalowa m'chipinda ali ndi mutu wolemera umene umawerenga funso molakwika.

Mantha omwewa ndiwo msika wa ogulitsa mayeso obedwa. Chaka chilichonse pa WhatsApp pamayenda mapepala amene eni ake amalumbira kuti ndi enieni, ndipo ana amasiya kuwerenga n'kuyamba kuloweza mayankho a mafunso omwe mwina sadzabwera. Tisaiwale 2020. Sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, ana anadikira miyezi, anayamba kulemba, kenako mu Novembala boma linathetsa mayeso a MSCE chifukwa mapepala anali atabedwa n'kufalikira. Onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Anavutika kwambiri ndi ana a kumudzi amene sanaone n'komwe mapepala obedwawo.

Ndani achonge?

Mphunzitsi aliyense wa Chingerezi kapena Histole amadziwa zonse ndanenazi. Chomwe chimamulepheretsa ndi kuchuluka kwa ana. Ngati ali ndi makalasi angapo odzaza, chimangirizo chimodzi pa mwana aliyense ndi mulu wa makope womwe ungamudyere Loweruka ndi Lamlungu lonse, silabasi nayo ikumuthamangitsa. Ndiye amasankha kulembetsa notsi, ndipo sindimuweruza. Koma kuyeserera kulemba sikufuna kuti pepala lililonse lidutse m'manja mwa aphunzitsi.

Ana atatu kapena anayi akhoza kugwirizana tsiku limodzi pa sabata. Asankhe funso pa pepala la chaka cham'mbuyo lomwe sanalikonzekere, atseke makope, mmodzi aike wotchi pakati, alembe mwakachetechete mpaka nthawi itakwana, ndipo ikakwana aleke ngakhale chiganizo chili pakati. Akatero asinthane mapepala. Wochonga mnzake afunse zinthu zitatu zokha: kodi wayankha zomwe zafunsidwa, kodi mfundo ya ndime iliyonse ikuoneka msanga, kodi zilembo zikuwerengeka. Mwana amaphunzira zambiri poona mnzake akusochera papepala, chifukwa kusochera kwakeko sakuona. Masiku ena asalembe nkhani yonse, angotenga mafunso asanu n'kukonza mfundo za lililonse m'mphindi zisanu. Pa theka la ola akhala atadutsa mitu isanu.

Makolo nawo ali ndi gawo, ngakhale amene sanapite patali ndi sukulu. Mayi akhoza kugwira foni n'kunena kuti, “Yamba mwanangu, ndikuuza nthawi ikakwana,” n'kuuza ang'ono ake kuti akasewerere kutali. Kwa mwana wamkazi makamaka, ola limodzi lomasulidwa ku mtondo ndi kumoto ndi thandizo lalikulu kuposa mawu oti ulimbikire. Ndipo mwana akabwera kuchokera ku pepala la m'mawa nkhope ili yakugwa, funso loyenera ndi lakuti wadya kapena ayi, ndipo mawa ulemba chiyani. Kufukula pepala lomwe latha, monga amachitira ana pakhomo pa chipinda pofananiza mayankho, kumangoononga pepala lotsatira.

Pempho langa lalikulu likupita kwa aphunzitsi aakulu. Mayeso a moko amabwera mochedwa, ndipo m'sukulu zina mapepala ake amabwezedwa kutatsala masabata ochepa, ali ndi nambala yofiira pamwamba popanda ndemanga. Mwana amangodziwa kuti walephera, osadziwa polakwika. Kulemba motsata wotchi kuyambe mu Fomu 3, kukhale pa ndandanda ya maphunziro kamodzi pa sabata ziwiri, maphunziro a Chingerezi, Chichewa, Histole, Jogalafe ndi Baibulo azisinthana. Mphunzitsi asachonge onse. Atenge mapepala asanu, abise mayina, awerenge awiri pamaso pa kalasi, limodzi loyankha funso ndi lina losochera, ana anene okha kusiyana kwake, kenako aliyense atenge pepala lake alembenso ndime yoyamba asanatuluke.